Pikapu ikayamba kugogoda, mpamba wanu ndiwo ukulira

Mlungu uno sindiyamba ndi mitengo ya tomato kapena nyemba. Ndiyamba ndi galimoto imene imafikitsa katunduyo pamsika, chifukwa mtengo ungakome bwanji, ulibe phindu kwa munthu amene katundu wake waswera panjira.

Mwezi wathawu ndinakwera pikapu ya hayala kuchokera ku Monkey Bay pamodzi ndi amayi anayi ogulitsa nsomba ku Lilongwe. Anali atapikula chambo ndi utaka wauwisi, atathira ayezi m'mabokosi, akufuna kukafika mumzinda dzuwa lisanakwere. Tinanyamuka kusanache. Tisanafike pa Golomoti injini inayamba kugogoda ngati munthu akukhoma misomali pamalata. Kenaka imachita ngati ikuzima, n'kudzukanso. Mayi wina anafunsa kuti, "Achimwene, galimotoyi ili bwinobwino?" Dalaivala anangoseka. "Musadandaule mayi, dizilo ndi choncho, imalongolola." Ine nditasuzumira pa geji ndinaona muvi utagoneratu pansi.

Titayamba kukwera Khwekhwelele, msewu wokhotakhota uja wotulukira pa Masasa, injini inatsokomola kawiri n'kuzima. Mafuta analimo ndithu, koma ochepa kwambiri moti pachitunda anathawira mbali imodzi ya thanki, paipi n'kukoka mpweya. Dalaivala anatuma mnyamata wa kabaza kukagula malita 5 m'chigubu. Kuthira kokhako sikunathandize. Analiza sitata mpaka batire inatha. Pamene makaniko amafika n'kuchotsa mpweyawo, n'kupempha galimoto ina kuti itigawireko moto, maola anayi anali atadutsa ndipo ayezi anali atasanduka madzi. Amayi aja anakafika pamsika masana, oodetsa atagula kale kwa ena. Nsomba zina anagulitsa mongotaya, zina anapita nazo kunyumba kukawamba. Dalaivala ndalama yake ya hayala anali atalandiriratu yonse m'mawa.

Akuluakulu anati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Amene anaumira pa mafuta ndi mwini galimoto, koma amene anagona ndi ngongole ndi amayi a nsomba. N'chifukwa chake ndikuti nkhani ya mpweya m'mapaipi a dizilo tisawasiyire amakaniko okha. Ndi nkhani yathu ife a geni, kaya galimotoyo ndi yathu kaya ndi ya hayala. Ndipo ndikunena mosapsatira kuti mwa mavuto onse a pikapu ya dizilo, ili ndilo lotchipa kulipewa, komanso lodula kulinyalanyaza.

Mpweya uli ndi khomo lake

Injini ya dizilo ilibe mapulagi othetheka moto ngati ya petulo. Imakoka mpweya kudzera pa eyakilina, n'kuupanikiza mpaka utatentha kwambiri, kenaka nozo imapopera dizilo ngati nkhungu ndipo amayaka yekha. Ndiye kuti mpweya umafunikadi, koma uli ndi khomo lake. M'njira ya mafuta, kuchokera ku thanki, kudutsa pa fyuluta, kufika pa pampu ndi manozo, muyenera kukhala dizilo yekhayekha.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Dizilo sapanikizika. Pampu ikamukankha mbali ino, amatulukira mbali inayo nthawi yomweyo, pa mlingo wake. Mpweya umapanikizika ngati siponji. Mukakhala thovu m'paipi, mphamvu ya pampu imathera pofinya thovulo, nozo imachedwa kutsegula, mwinanso osatsegula n'komwe. Silinda ina imalandira mafuta mochedwa, ina imalandira ochepa, ina imadumphidwa. Mafuta ofika mochedwa kapena mosalongosoka amapsa mophulika m'malo mopsa mwadongosolo. Kugogoda kuja ndi kumeneko. Pamodzi ndi kugogodako mumaona injini ikunjenjemera ikaima, ikukwera ndi kutsika yokha, ikutulutsa utsi woyera, ikufooka pachitunda, ndiponso ikuvuta kulira m'mawa.

Pali china chimene ambiri sachidziwa. Dizilo ndiye amene amafewetsa ndi kuziziritsa zitsulo za m'kati mwa pampu ndi manozo. Pamene padutsa thovu, zitsulozo zimakhulana zouma. Kamodzi sikapha, koma miyezi ingapo galimoto ikuyenda motero, mudzapezeka muli kwa amisiri a pampu, ndipo kumeneko ndalama yake si ya geni ya mlungu umodzi. Injini zakale monga 3L ndi 5L za Hilux, 4JA1 ya Isuzu KB ndi TD27 ya Nissan Hardbody zimapirirako. Zatsopanozi za common rail, monga D-4D ya Hilux Vigo, sizipirira. Zimakankha mafuta ndi mphamvu yoposa mabala 1,000, pamene tayala la pikapu yomweyo timalipopa mabala osakwana 4. Zitsulo zake n'zosalala kwambiri moti kachitsotso kosaoneka ndi maso kamatha kuziwononga.

Umalowera pati?

Khomo loyamba ndi lija la pa Khwekhwelele: thanki yopanda kanthu. Mafuta akachepa amakhavukira uku ndi uku pa mabampu, pokhota ndi pachitunda, ndipo kamwa ya paipi imatsala pamtunda. Komanso injini ya dizilo simaliza mafuta onse amene yakoka. Otsala amabwerera ku thanki ali otentha, ndipo akagwera m'thanki yopanda kanthu amachita thovu, thovulo n'kukokedwanso. Onjezani kuti thanki yopanda kanthu imadzadza mpweya wa chinyezi umene usiku wozizira, monga wa ku Dedza kapena ku Mzimba mwezi wa June ndi July, umasanduka madontho a madzi.

Khomo lachiwiri ndi tiziboo ta pakati pa thanki ndi pampu. Apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsika. Amayang'ana pansi pa galimoto, osaona dontho, n'kunena kuti palibe pothonya. Pa mapikapu ambiri amene tili nawo kuno, mbali imeneyi pampu imachita kuyamwa mafuta, ngati mwana akumwa chakumwa ndi kapaipi. Kapaipi kakang'aluka, chakumwa sichitayika, koma mwana amangomwa mpweya. Choncho paipi ya labala yong'aluka ndi ukalamba, kilipi yomasuka, paipi yomangidwa ndi waya kapena mphira ya chubu, washa ya kopa yobwezeredwa kachitatu, labala ya pa fyuluta yoikidwa mopendekeka, kapampu kopopa ndi dzanja ka pamwamba pa fyuluta kotha ntchito, kapena kabawuti kotayira madzi ka pansi pa fyuluta kosamangitsa, zonsezi zimalowetsa mpweya popanda kudontha. Usiku galimoto ikaima, mpweya umalowa pang'onopang'ono, mafuta n'kutsetsereka kubwerera ku thanki. N'chifukwa chake pikapu ina imayenda bwino tsiku lonse koma m'mawa mpaka anyamata aikankhe.

Khomo lachitatu ndi fyuluta yotsekeka. Ikadzadza zinyalala, pampu imayamwa mwamphamvu kuposa kale, ndipo malo amene anali olimba mokwanira amayamba kulowetsa mpweya. Chimene chimatseka mafyuluta athu msanga tonse tikuchidziwa: dizilo wa m'zigubu. Mu 2011 ndi 2012, komanso kuyambira 2022, taona mizere italiitali pamalo omwetsera mafuta, ndipo ambiri tathawira kwa anyamata a m'mbali mwa msewu. Chigubu chimene dzulo chinali ndi madzi kapena mafuta ophikira, lero chili ndi dizilo. Ena amasakanizamo palafini kuti achuluke, ndipo palafini safewetsa zitsulo ngati dizilo. Bungwe la MERA, limene limayang'anira mitengo ndi kagulitsidwe ka mafuta, lakhala likuletsa malonda a m'zigubuwa, koma mafuta akasowa amadzukanso.

"Ndalama yake ili kuti?"

Ndikudziwa yankho la eni magalimoto, ndipo sindikulipeputsa. Mafuta akwera, ma hayala ndi osowa, ndipo munthu amathira malinga ndi zimene walandira tsikulo. Koma tiyeni tiwerenge monga amalonda.

Thanki ya pikapu ngati Hilux kapena Isuzu imalowa malita a pakati pa 70 ndi 80. Kota yake ndi pafupifupi malita 20. Tiyerekeze kuti ulendo wanu umadya malita 25. Kaya mwanyamuka ndi malita 25 n'kukafika thanki itauma, kaya mwanyamuka ndi malita 45 n'kukafika ndi 20, injini yamwa malita 25 omwewo. Malita 20 apansiwo mumawagula kamodzi kokha. Sakutha, akungokhala, ngati sikelo kapena benchi ya pamsika. Ndi mpamba, si ndalama yotuluka tsiku ndi tsiku. Kulemera kwake ndi makilogalamu pafupifupi 17, osafika ndi theka lomwe la thumba la chimanga la makilogalamu 50, ndiye musati akulemetsa galimoto. Ngati simungathe kuwagula tsiku limodzi, onjezerani malita 2 pa ulendo uliwonse, ndipo pakatha maulendo 10 mwakwanitsa. Chulukitsani malita 20 ndi mtengo wa lero wa MERA, kenaka yerekezani ndi mtengo wa batire yatsopano, sitata yopsa, makaniko woitanidwa kutchire ndi kasitomala amene sadzakuimbiraninso.

Ena amati, "Ndikasiya mafuta ambiri m'thanki, dalaivala amapopa n'kugulitsa." Zimachitikadi. Koma kuumitsa thanki si mankhwala ake. Lembani pamene muvi uli ponyamuka ndi pobwera, lembani makilomita, funsani lisiti, gulani chitsekero cha thanki cha loko. Dziwaninso kuti wakuba mafuta chitsekero chikamukanika amazula paipi kapena kumasula kabawuti ka pansi pa thanki. Paipi yozulidwazulidwa ndi imene mawa idzayambe kuyamwa mpweya. Ngati pikapu yanu yayamba kuvuta m'mawa popanda chifukwa, yang'anani ngati makilipi ali ndi zipsera zatsopano za sikuludalaivala.

Nanga mafuta akasowa dziko lonse? Pamenepo ndiye pamene kota ija imakupulumutsani, chifukwa mumayamba kusaka mafuta muli ndi oyendera, osati mutaima pakati pa msewu pomwe aliyense wa chigubu akutchula mtengo umene wafuna. Ngati mwakakamizika kuthira a m'chigubu, asiyeni akhazikike kaye, thirani kudzera pa nsalu yoyera yothina, ndipo otsalira apansi musathire. Mukatero fupikitsani nthawi yosinthira fyuluta.

Musathamangire zodula

Pa Facebook ndi YouTube muona mavidiyo a ku America otsatsa zipangizo monga FASS ndi AirDog, zimene zimakoka mafuta ku thanki, kuchotsamo mpweya ndi madzi, asanafike ku injini. Zimagwiradi ntchito yake, koma anazipangira zimapikapu zikuluzikulu za kumeneko, za injini za Cummins, Duramax ndi Power Stroke, ndipo mtengo wake ndi madola mazanamazana musanawerengere kutumiza ndi msonkho. Hilux yonyamula mbatata ku Tsangano siikufuna zimenezo. Ikufuna paipi yatsopano ya mafuta, makilipi enieni, mawasha a kopa atsopano ndi fyuluta yabwino. Zonsezi zimapezeka ku Biwi, ku Ndirande, ku Limbe ndi m'mashopu a sipeya a m'maboma.

Chimodzimodzinso timabotolo tothira m'thanki timene amati timachepetsa phokoso. Tina timatsukako manozo, koma palibe mankhwala a m'botolo amene angatseke paipi yong'aluka. Pa fyuluta pokha ndiye musaumire. Yotchipitsitsa nthawi zambiri labala yake siikhala bwino, ndipo pepala lake limadutsitsa zinyalala. Pitani ndi yakale kushopu mukayerekeze, ndipo gulani pamalo pamene mungabwererepo mukapeza vuto.

Kupeza pomwe mpweya ukulowera sikufuna kompyuta. Makaniko wodziwa ntchito amaika kapaipi koonekera m'kati pakati pa fyuluta ndi pampu, n'kuliza injini. Mukaona thovu likuyenda motsatizana, mpweya ukulowa kumbuyoko. Akasuntha kapaipiko n'kukaika fyuluta isanafike, mudziwa ngati vuto lili pa fyuluta kapena cha ku thanki. Njira ina mungayese nokha: m'mawa musanalize, dinizani kapampu ka pa fyuluta. Kakakhala kofewa n'kumalimba mutapopa kangapo, ndipo galimoto n'kulira msanga kuposa masiku onse, ndiye kuti mafuta akumabwerera usiku. Makaniko amene akufuna kumasula pampu asanayese zimenezi, muuzeni kuti adikire kaye.

Ikazima panjira

Kuchotsa mpweya, kumene amakaniko amati kubulida, dalaivala aliyense wa dizilo ayenera kukudziwa monga amadziwira kusintha tayala. Thirani mafuta okwanira, osati malita 2, ndipo ngati n'kotheka galimoto ikhale pamalo osapendekeka. Ngati pamutu pa fyuluta pali kabawuti kotulutsira mpweya, kamasuleni pang'ono. Popani kapampu kaja mpaka mafuta azituluka opanda thovu, mangani kabawutiko, n'kupitiriza kupopa mpaka kapampu katalimba. Kenaka lizani, koma osapitirira masekondi 10 kapena 15 nthawi imodzi, ndipo pumitsani sitata musanayesenso. Mapikapu ena ali ndi pampu ya magetsi m'malo mwa ya dzanja. Amenewo mumatsegula kiyi osaliza, kudikira pang'ono, kutseka, n'kubwereza kangapo.

Pa injini zakale, makaniko amatha kumasula pang'ono nati ya paipi ya pa nozo kuti mpweya wotsala utuluke. Pa common rail zimenezo ayi. Mafuta a mphamvu ija amaboola khungu n'kulowa m'thupi, ndipo munthu amatha kuduka chala kapena dzanja. Musalolenso kuti wina adzadzitse fyuluta yatsopano ndi dizilo wa m'chigubu kudzera pabowo lapakati, chifukwa pa mafyuluta ambiri mafuta a pamenepo amapita ku pampu osasefedwa. Ndipo chizolowezi chija choika nsanza yoviika mu petulo pa eyakilina, kapena kupoperapo mankhwala a udzudzu, chisiyeni. Chimatha kuphulitsa moto mahita a injini akayaka, ndipo chimaswa maring'i ndi mapisitoni.

Ndisakunamizeni kuti phokoso lililonse ndi mpweya. Dizilo ikangolira m'mawa kukuzizira imagogodako pang'ono, n'kukhazikika ikatentha. Kumeneko n'kubadwa kwake. Manozo otha, taimingi yosokonekera ndi mavavu ofuna kuchuna zimagogodanso. Koma kugogoda kolemera kochokera pansi pa injini, makamaka nyale ya oyilo ikayaka, n'kwina. Pamenepo zimitsani pompo, musati tikafike kaye pa Lizulu. Chimene ndikunena n'chakuti poti mpweya ndiwo wotchipa kuufufuza, yambirani pamenepo.

Kwa inu ochita hayala

Ambiri mwa owerenga tsamba lino mulibe pikapu, mumachita hayala, nokha kapena mosonkherana. Muli ndi mphamvu kuposa mmene mumaganizira, chifukwa ndalama ndi yanu.

Musanakweze dengu ndi limodzi lomwe, pemphani dalaivala atsegule kiyi muone geji. Si mwano. Munthu wopikula tomato amavundukula dengu kuti aone apansi, nanga galimoto yonyamula mpamba wonse ilekerenji kuonedwa? Muvi ukakhala pansi pa kota, gwirizanani kuti gawo la ndalama ya hayala mukalipire nokha pamalo omwetsera mafuta, mafutawo akulowa inu mukuona. Geji ikakhala yakufa, funsani kuti anathira liti ndiponso malita angati. Woyankha mokalipa wakuuzani kale zimene mumafuna kudziwa.

Mvetserani mmene ikulirira. Yolira kamodzi n'kukhazikika ndi yabwino. Yofuna kukankhidwa, kapena yoti dalaivala ayambe watsegula boneti n'kupopa, ili ndi pobowoka, ndipo tsiku lina idzakana pamalo opanda wokankha. Ngati katundu wanu ndi wosachedwa kuwonongeka, monga nsomba zaziwisi, tomato, masamba kapena nkhuku zamoyo, galimoto yotere ikhale yomalizira kuiganizira, ngakhale itatchipa. Ya chimanga kapena makala ingadikire panjira, ya chambo singadikire.

Musalipiretu yonse. Theka ponyamuka, theka pofika, ndipo nenani poyera pamaso pa anzanu kuti galimoto ikafera panjira chifukwa cha mafuta, ndalama yotsalayo ndiyo ilipire galimoto ina yodzatenga katundu. Makomiti a m'misika ndi magulu osonkherana hayala angathe kukhazikitsa zimenezi ngati lamulo lawo, kuti mayi mmodzi asamaoneke wovuta payekha. Madalaivala osamala galimoto zawo sadzadandaula nazo. Iwowo ndi amene adzapindule, chifukwa manambala awo ndi amene tizipatsana.

Kwa eni mapikapu, pempho langa ndi laling'ono. Loweruka likudzali, musanapite kokaima pa siteji, tsegulani boneti, tsatirani paipi ya mafuta ndi dzanja kuchokera pa fyuluta, finyani malabala muone ngati ali ndi ming'alu, chotsani mawaya ndi mphira muikepo makilipi, tayani madzi a pansi pa fyuluta, ndipo kumbukirani tsiku limene munaisintha komaliza. Ngati simukulikumbukira, yakwana.

Amayi a nsomba aja ndinakumana nawonso pamsika masiku apitawa. Akuyendabe njira yomweyo ya Golomoti, koma ndi galimoto ina. Mmodzi anandiuza kuti masiku ano amakhala kutsogolo dala, maso ali pa muvi. "Bambo, mphechepeche mwa njovu sapitamo kawiri," anatero akundiyezera utaka. Mlungu wamawa tibwereranso ku mitengo, tidzaone mmene nyemba ndi mtedza zikuyendera m'misika ya m'chigawo chapakati.